Kampira Kamene Anameza a Vitalis

Ku Chitawira kunalibe munthu amene anamvapo moni womveka wa a Vitalis. Ukawalonjera ankangoti "Mmm-mm," chifukwa m'kamwa mwawo munkakhala katundu: manati, mawashala, tizitsulo ta njinga zamoto. Amakanika ena amaika zotere m'chitini. Iwo ankati, "Chitini chimatayika, nkhuku za aneba n'kutola. M'kamwa mwanga nkhuku sinalowemo." Ngakhale ku Misa, popita kukalandira, ankayamba alavulira kaye nati m'thumba la jekete.

Ine ndimagulitsa zipangizo za njinga zamoto ku Limbe, ndipo madalawa anali kasitomala wanga wovuta koposa. Sankayeza chitsulo ndi maso. Ankachiponya m'kamwa n'kuchizunguza ndi lilime.

"Iwe Shamila, aka n'kabodza."

"Madala, saizi yalembedwa pa paketipo."

"Paketi ili ndi lilime?"

Ankandibwezera kali konyowa, ine n'kupukuta, n'kugulitsa kwa wina.

Kuseri kwa nyumba yawo, m'chisakasa, munkagona njinga yamoto yakale ya ku England imene bambo awo anabwera nayo kuchokera ku Mozambique. Inalibe kutsogolo, poti mafoloko ake, miyendo iwiri yogwira tayala ija, anapindika kalekale. Tsono mwana wawo Sungeni atapeza banja, a Vitalis analavula nati n'kulumbira pamaso pa ankhoswe: "Patsogolo pa mdipiti wa ukwati ndidzakhala ine, pa njinga ya bambo anga." Anthu anaseka. Akazi awo, mayi Annette, anangoyang'ana kumwamba.

Mafoloko ndinawapezera ine ku Chimwankhunda, kwa munthu wina amene ankatsekera nawo khola la nkhumba. Madala anawatsuka, kusintha masipuling'i, kuthira oyilo watsopano. Chinatsala ndi khosi, pamene mafoloko amalumikizana ndi thupi la njinga kuti mahandulo azitembenuka. M'khosimo mumakhala timipira tachitsulo toyala kamodzikamodzi pa girizi, ndipo tanjinga iyi tinali tachikale, ta saizi yosapezekanso. Anali nato tokwanira ndendende.

Mlungu wa ukwati womwewo, mkamwini wawo Lackson anabwera kudzathandiza kuti aoneke wolimbikira. Anagwirira mafoloko kunsi, madala akutulutsa timipira m'kamwa n'kumatiyala. Pofuna kukhala bwino, Lackson anatsamira hutala ndi chigongono. Phwiii! Pakhutu penipeni. Madala anadzidzimuka, kholingo linakwera n'kutsika.

"Bambo, mwatani?" anafunsa Lackson.

Yankho linamveka bwinobwino, mopanda "mmm".

"Kapita."

"Mangani choncho," anatero mayi Annette. "Kamodzi kokha n'chiyani?"

"Mayi, khosi loperewera limagwedera. Mukufuna ndikagwe pa Ginnery Corner akuchimuna akuona?"

Ndinazungulira Limbe yense, sitolo ndi sitolo, n'kubwera ndi timipira tamitundumitundu. Madala atati atilawe, mayi anawalanda.

"Mukamezanso ka ku China, tidzasiyanitsa bwanji m'mimbamo?"

Kuchipatala anamwino anaseka mpaka kugwira khoma, n'kunena kuti kadzatuluka kokha. Ndiye Chitawira yense anayamba kudikira. Lackson ankabwera ndi mapapaya m'mawa uliwonse, n'kuwasiya pakhomo atazyolika. Aneba awo a Macdonald anachotsa maginito m'sipika ya wailesi n'kumawayendetsa pamimba pa madala, ati kukalozera njira. Anyamata a kabaza akamadutsa ankakuwa:

"Madala, katuluka?"

"Kali pa raundabauti!"

Lachinayi linadutsa zii. Sungeni anawagwadira: "Ababa, ingokwerani galimoto ngati makolo ena." Iwo anangopempha papaya lina.

Lachisanu m'mawa ndinali pomwepo, ndabweretsa girizi, pamene kuseri kunamveka mfuu ngati munthu wapha njoka.

"Annette! Wiritsani madzi!"

Amayi a pampopi anaimba nthungululu. A Macdonald anati ndi maginito awo, Lackson n'kuti ndi mapapaya ake. Kampirako kanawiritsidwa, kutsukidwa ndi sopo, kenako parafini, kenako petulo, mpaka kananyezimira kuposa anzake. Ulendo uno timipira anagwira ndi mayi Annette m'sosala, ndipo hutala anamumasula n'kukamuika kukhitchini. Madala anayala tonse, Lackson anakweza mafoloko pang'onopang'ono osapuma, nati wapamwamba n'kumangidwa. Anamanga, kubweza pang'ono, kumanganso. Atakhazika njinga pa kireti kuti tayala lilendewere, anakankha handulo ndi chala chimodzi. Linatembenuka lokha myaa, osagwira, osagwedera.

Loweruka msewu wa ku Limbe unaona zinthu. Patsogolo a Vitalis, jekete likuuluka, injini ikugunda ngati ng'oma, kumbuyo galimoto zamaluwa, kenako akabaza amene sanaitanidwe n'komwe. M'kamwa munalibe kanthu, poti mayi anawasecha ponyamuka, ndiye ankaimba mokweza njira yonse. Sungeni anandiuza kuti analira m'galimotomo, chifukwa sankadziwa kuti bambo ake ali ndi mawu otere.

A Vitalis anatisiya chaka chatha, mvula itangoyamba. Chisakasa chija n'chotseka, ndipo akabaza amadutsa pamsewu wawo mwakachetechete, opanda womukuwira. Njinga zawo zikagwedera kutsogolo amabwera kwa ine, koma ine ndimangogulitsa, kuyeza kwake sindikudziwa.

Mwezi wathawu ndinapita kwa mayi Annette ndi bwana wina wokonda njinga zakale, amene ankafuna kugula njinga ya madala ija. Anaizungulira, anatembenuza mahandulo uku ndi uku, n'kupukusa mutu mosilira.

"Khosi lofewa chonchi sindinalionepo. Mayi, tchulani mtengo."

Mayi anapukuta fumbi pa thanki ndi nsonga ya chitenje, n'kukokera chitseko cha chisakasa.

"Pepani bwana, siyamalonda. M'khosimo muli kanthu kamene kanawadziwa abambo m'kati kuposa ine."