A Pabalaza ndi Makoma a Pamchenga

Malemu a Pabalaza sankalola kuti mlendo wawo akhale pamchenga ngati nkhanu. Tchuthi cha nyengo yotentha chikafika, alendo n'kubwera, iwo ankakweza pabalaza ponse pagalimoto yawo yakutha ija: sofa, katebulo, kapeti, ngakhale wotchi yapakhoma. Dzinalo linachokera pamenepo. Akafika kugombe la nyanja ankatenga ndodo n'kujambula makoma pamchenga, n'kusiya mpata wa khomo. Wina akangodumpha mzerewo ankamubweza.

"Mwalowera pawindo ngati wakuba, achimwene. Zungulirani."

Anthu ankazunguliradi. Wapolisi wina anabwera kudzawaletsa, nayenso anazungulira, n'kuchoka atamwa tiyi.

Amene sankaseka nawo ndi Mzime, mwana wawo wamkazi womaliza. Chaka china anapeza bwenzi, koma mayi ake a mnyamatayo, omwe kale anali aphunzitsi aakulu, anali asanavomere za ukwati. Anati abwera patchuthi adzadzionere okha banjalo. Mzime tulo tinamuthawa.

"Bambo, chonde, ulendo uno titenge nsalu yoyala basi."

"Usadandaule, mwanangu. Tipita mopepuka."

Kupepukako kunali kusiya wotchi.

Mlendoyo anafika ndi magalasi pamphuno, nkhope ili gwa. Phazi lake loyamba linaponda pamzere.

"Pepani mayi, mwaima pakhoma. Khomo lili uko."

Mayiwo anayang'ana mchengawo, anayang'ana Mzime, kenako anazungulira. Mzime analakalaka pansi patang'ambika kuti alowe.

Dzuwa lili paliwombo madzi anayamba kukwera. Anthu ena onse ananyamula zawo n'kusunthira kumtunda.

"Bambo, madzi!"

"Sanagogode amenewo. Adikire panja."

Madziwo sanadikire. Funde limodzi linapita ndi shuga, lina linakunkhuniza kapeti ndi nsapato zonse zimene zinali pakhomo. Mlendo uja anatsala pasofa, miyendo atakweza, kapu ili m'manja, mpaka asodzi anabwera n'kumunyamula pamapewa ndi sofa yomwe. Gombe lonse linawomba m'manja, ana akuthamanga pambuyo. Mayi wina wogulitsa zakumwa, akupukuta misozi ya phwete, anakodola Mzime.

"Achemwali, madala amenewa ndi bambo anu?"

"Ayi," anatero Mzime msangamsanga. "Ndi aneba chabe."

Atatembenuka anapeza bambo ake ali kumbuyo kwake, buluku litanyowa mpaka m'chiuno. Anali atalowa m'madzi kukavuula nsapato zake.

"Nsapato zanu izi, aneba," anatero mofatsa, n'kupita kukafinya kapeti.

Chodabwitsa n'chakuti mayi aja, amene ana asukulu sanawaonepo mano, anaseka njira yonse yobwerera. Anati chibadwire sanakhalepo m'nyumba yolowa madzi mwininyumba akufunsabe ngati awonjezere tiyi. Ukwati unachitika. A Pabalaza anavina mpaka kutaya chipewa, ndipo mawu a kunyanja aja sanawatchulenso. Zimenezo n'zomwe zinkamudya Mzime. Akanakhala kuti anamukalipira, bwenzi zitatha. Ankangodikira tsiku labwino loti apepese, koma akati ayambe, ankachita manyazi n'kusintha nkhani. Bambo ake anadwala masiku ochepa chabe, n'kumwalira tchuthi china chisanafike.

Masiku ano gombe lija langokhala mchenga. Anthu amangodutsa paliponse, palibe wowabweza, ndipo asodzi akamatsitsa maukonde amalozabe pamene pankakhala sofa. Mzime anapitako chaka chino ndi mwamuna wake ndi apongozi ake, atatenga nsalu yoyala basi, monga ankafunira muja. Apongoziwo anavutika kukhala pansi chifukwa cha mawondo. Kenako anatulukira wogulitsa zakumwa uja.

"Ndakukumbukirani! Inu si aneba a malemu a Pabalaza aja?"

Mzime nkhope inamutentha. Anayang'anayang'ana, natola kamtengo kobwera ndi madzi.

"Sindinali neba, mayi. Anali bambo anga ondibereka."

Anawerama n'kuyamba kukoka mzere kuzungulira nsalu ija, wokhotakhota. Atasiya mpata wa khomo anaweramuka n'kupukuta m'maso.

"Tsopano zungulirani. Mwaima pakhoma."