Sipesi Yaulere ya Anthu a Mayiko Osauka

Mpaka lero anzanga a ku Pretoria West akandiona amaloza kumwamba n'kuyamba kuseka. Zandikwana. Bola ndifotokoze ndekha mmene zinayendera, ena asanazithire mchere.

Inu amene simunapondeko ku Joni, mvetsani kaye mawu amodzi. Kuno tikati sipesi tikunena malo ogona. Osati chipinda ayi, chipinda ndi cha mabwana. Sipesi ndi kachigawo ka chipinda kotchinga ndi katani, kongokwana matiresi ndi chikwama. Yanga inali kwa Abambo Chirwa, mkulu wobadwira ku Zimbabwe, amene Chichewa chawo chimatuluka chitavala malaya a Chishona. Kuseri kwa katani yanga kunkagona mnyamata woliza mkonono ngati chigayo cha dizilo.

Ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Menlo Park, kwa mayi wina wophunzitsa ku yunivesite. Tsiku lina ndikudulira maluwa pansi pa windo, ndinawamva madamu akulankhula pa foni. Chizungu changa ndi cha Fomu 2 (musandifunse chifukwa chake ndinasiya sukulu, kafunseni amene ankandithamangitsa), komabe mawu ofunika ndinawatola: pulogalamu ya sipesi, mayiko osauka, Malawi alimo, zonse zaulere, olipira ndi mayiko olemera.

Sizasi inagwa yokha m'manja. Ndinathamangira pakhomo la khitchini ndi nsapato zamatope.

"Madamu, sipesi mukunenayo, Mmalawi aliyense akhoza kubwera?"

Anayamba adabwa, kenako nkhope yawo inawala. "Iwe umakonda za sipesi?"

"Madamu, ndimaiganizira tsiku ndi tsiku."

"Bwanji sunanene! Loweruka ndi tsiku la anthu onse. Ubwere, udzaone kukula kwake."

"Ndi yaikulu?"

"Ilibe malire."

Eish! Munthu wogona miyendo atapinda n'kumuuza kuti ilibe malire. Tsiku limenelo ndinathirira maluwa ndikuimba nyimbo za kwaya, ine amene kutchalitchi ndimakhala kumbuyo.

Munthu wanzeru akanapita kukaona kaye. Ine Lachisanu ndinakaima pamaso pa Abambo Chirwa manja ali m'thumba.

"Abambo, katani yanu ija chotsani. Mawa ndikusamuka."

"Ukupita kupi, mwanangu?"

"Kumene mayiko agwirizana kutithandiza. Kulibe katani kumeneko. Kulibe mkonono. Kulibe woyang'ana kuti ndasamba ndi madzi ochuluka bwanji."

"Ndani wakuuza zimenezo?"

"Anthu ophunzira, Abambo. Inu simungazimve."

(Mawu omalizawo ndi amene amandiwawa mpaka lero.)

Loweruka m'mawa ndinakulunga matiresi, ndinamanga ndi chingwe choyanikira zovala, m'kati mwake ndinaikamo mbaula yamagetsi, bigiri kudzanja. Woyendetsa takisi (kwathu timati minibasi) anakana katatu, ine ndinalimbikira, mpaka matiresi anakhala pamiyendo ya anthu a mzere wonse. Mayi wina anandilalatira m'Chipedi njira yonse. Munthu wopita ku sipesi yopanda malire sakangana ndi anthu wamba.

Mlonda wa pageti la ku yunivesite anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Sawubona. Ukupita kuti ndi zimenezi?"

"Ku sipesi."

Anangondilozera holo.

Nditalowa mtima unadumpha ndi chimwemwe. Holo yaikulu, pansi poterera, mawindo mpaka kudenga! Mbendera zili mbwee, ya kwathu ili pomwepo pakati pa ya Kenya ndi ya India. Ndinati eya, ndiye kuti dziko lililonse lili ndi mbali yake. Ndinapita molunjika pansi pa mbendera yathu, pafupi ndi soketi, n'kutula katundu. Ndinali nditamasula kale chingwe pamene wina anandigwira paphewa.

"Achimwene, ndinu a kumudzi?"

Anali mtsikana wamagalasi, dzina lake Linesi, wa ku Zomba. Ndinamuuza kuti ndafika poyamba, koma ngati akufuna mbali ya kuwindo tikhoza kukambirana.

Anayang'ana matiresi, anayang'ana mbaula, anayang'ana ine. Kenako anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Achimwene, sipesi yake ndi ya kumwamba. Kuthambo. Kwa nyenyezi."

"Nanga ogona?"

"Kulibe ogona. Ife tabwera kudzaphunzira za masetilaiti, makina aja amazungulira dziko n'kumajambula pansi. Atisonkhanitsa a mayiko osiyanasiyana kuti tikaphunzitse ena kwathu."

Apo m'pamene maso anga anatseguka. Makompyuta pa tebulo lililonse, chithunzi cha mwezi kukhoma, anthu ovala masuti onse akuyang'ana bigiri yanga. Ndinkafuna pansi pang'ambike. Ndisanathawe, madamu anatulukira, manja m'mwamba.

"Taonani! Wabwera ndi chogonera kuti adzaone bwino nyenyezi madzulo! Uyu ndi wa m'gadeni mwanga!"

Anthu anaomba m'manja. Mzungu wina wandevu anandijambula. Linesi, Mulungu amudalitse, anangokankhira mbaula pansi pa tebulo ndi phazi.

Kenako anandikokera pa kompyuta yake. "Kwanu ndi kuti?"

"Ku Phalombe."

Anadinadina, ndipo phiri linatulukira, lobiriwira, ngati ndaima pamwamba pa mtambo. Anakulitsa. Msewu wathu. Anakulitsanso. Mtsinje umene umatilanda chimanga chaka ndi chaka, ndipo anandionetsa mmene amadziwira kumene madzi adzasefukire mvula isanafike. Ndinayiwala manyazi onse.

"Apo! Apo! Ndi pa mjigo pathu apo! Denga lofiiralo ndi la amalume! Bwererani kumanzere!"

Ndinakuwa mpaka a ku Ghana anabwera kudzaona denga la amalume. Kumanzereko kunatulukira sukulu yanga ija. Ngakhale kuionera kuthambo, imanyansabe.

"Kuti munthu aziphunzira zimenezi pamafunika chiyani?" ndinafunsa.

"Masamu, achimwene. Ambiri."

Ndinangoti chabwino.

Madzulo ndinabwerera ku Pretoria West, matiresi pamutu. Katani yanga inali pomwepo, koma pansi pake pankaoneka nsapato za munthu wina, mnyamata wa ku mafakitale a ku Rosslyn. Ndinagwada pamaso pa Abambo Chirwa, chipewa m'manja, n'kufotokoza zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto osaseka, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kuseka.

"M'nyumba muno mwadzaza, mwanangu. Koma poti sipesi yako ndi ya kumwamba, pakhonde pali poyera. Uziiona bwino."

Ndinagona pakhonde mpaka mwezi unatha, m'nyengo yozizira ya ku Pretoria, kufikira woliza mkonono uja atasamuka.

Phunziro lake mwina ndi lakuti munthu azifunsa kawiri asanatukwane mwini nyumba. Koma vuto lina latsala. Madamu tsopano amauza mlendo aliyense kuti wa m'gadeni mwawo ndi wokonda zakuthambo, ndipo Lachisanu lililonse amandipatsa buku lonenepa la Chizungu. Ndilibe mtima wowauza zoona. Awiri ndimatsamira, limodzi limatchinga mphepo pansi pa chitseko. Koma lina la zithunzi, musauze munthu, ndalifika pakati.