A Zubairu ndi mfutso wa pa sola

Kuno kwa Kalembo aliyense ankadziwa kuti a Zubairu amadana ndi mthunzi wogwera pa sola. Tsamba limodzi likangotera pagalasi la padenga, mkulu ameneyu ankasiya tiyi ali wotentha, kukwinya mkanjo, n'kukwera denga la eni ake osaodira. Khwangwala wina atatera pa sola, a Zubairu anachita kumuthamangitsa kuyambira kumsika mpaka kumzikiti, akumunena za makolo ake.

Anaphunzitsapo sayansi kusekondale ina ku Machinga, ndipo atapuma ntchito tonsefe anatisandutsa kalasi yawo. Ankati mkati mwa sola muli magawo awiri opyapyala, osanjikizana ngati mphasa, ndipo pamene akhudzana pali mphamvu yosaoneka yokankhira mbali imodzi. Dzuwa likaomba limadzutsa tinthu totchedwa maelekitironi, mphamvu ija n'kutikusira ku waya. Koma ukaphimba kachigawo kamodzi, tonse tochokera kwinako timakakamira kudutsa pomwepo, mphamvu imatembenuka, malowo n'kuyamba kutentha. Ife tinkangovomera kuti atisiye tikachaje mafoni.

Mdani wawo weniweni anali mayi Lukiya, amene denga lawo la udzu limagundana ndi langa. Mayiwa anatulukira kuti mfutso wa nkhwani umauma msanga pa sola, komanso nkhuku sizifikapo. Chaka chilichonse nkhondo inali yomweyo.

"Ndangoyanika pakona pokha, aphunzitsi."

"Moto umayambira pakona pomwepo, mayi. Sola yanuyi ndi yotchipa, ilibe njira yoti magetsi alambalale. Tsiku lina mudzaphika mudzi wonse."

"Iyayi, inu mumangofuna ndiwo zanga."

Mfutsowo ankaulandadi, ndipo sindinamvepo kuti anaubweza. Ena amati ankautendera ndi nsinjiro zambiri kwinaku akudandaula za umbuli wa anthu.

A Zubairu anamwalira mu Juni atadwala pang'ono, ndipo tinawaika tsiku lomwelo. Pobwera kumanda a Blasius, mnzawo wa bawo, anati akanakhala moyo akanatikalipira kuti khamu lathu likutchinga dzuwa. Tinaseka pang'ono.

Tsopano ndi Okutobala, udzu wauma gwaa, ndipo madenga alibe wowayendera. Ndimawasowa a Zubairu, komanso ndili ndi mantha. Dzulo masana ndinakwera pachulu n'kusuzumira kwa mayi Lukiya. Masamba anali mbwee theka la sola, ndipo m'mphepete mwake galasi lasanduka lofiirira ngati lawauka. Nditawauza anaseka, nati mzimu wa aphunzitsi wandilowa, kenako anandifunsa ngati nanenso ndikufuna ndiwo.

Kufiirako sindikudziwa ngati kukutanthauza mawa kapena chaka chamawa, ndipo woti ndimufunse palibe. Lero ndauza mkazi wanga kuti khanda lathu asamaligonekenso m'nyumba masana.