Misomali Khumi ya Digiri Yanga

Lolemba
Kafukufuku wa digiri wayamba. Misomali isanu m'botolo la asidi wa batire wosungunula ndi madzi, ina isanu mu asidi yemweyo koma wothira tiyi wowiritsa kwambiri. Ndikufuna kuonetsa kuti tiyi wathu wa ku Mulanje kuno amateteza chitsulo kuti asidi asachidye. Msomali uliwonse ndauyeza pa sikelo yobwereka kusukulu komwe ndimaphunzitsa. Ndikaivuula ndiyezanso, Lolemba likudzali zotsatira zipite kwa alekichala. Zikapanda kupita, ndibwereza chaka. Kachiwiri.

Lachiwiri
Botolo lopanda tiyi likuchita thovu, la tiyi lili phee. Ndikusangalala ndekha. Amuna anga akuti, "Ndiye digiri yakeyo ndi yoviika misomali?" Wonenayo ndi munthu amene Fomu 2 anaisiyira panjira.

Lachitatu
Tiyi amene ndinasunga kuti zikavuta ndidzabwereze, mayi anga amwetsa anzawo a kutchalitchi. "Anali wowawa mwanawe, koma shuga wakonza." Shuga wakenso wanga.

Lachinayi
Misomali ya m'botolo lopanda tiyi yawonda ngati singano. Inayo ikadali misomali. Ndaitsuka yonse, ndaiyanika pa nyuzipepala pazenera, isanu kumanja, isanu kumanzere. Poti ndiyeze, batire la sikelo lafa. Ahedi akuti sikeloyo ibwerere mawa, kukubwera oyendera sukulu ochokera ku Boma.

Lachisanu
Ndabwera nalo batire kuchokera ku Nkando. Pazenera pali nyuzipepala yokha.
Chitseko cha bafa, chimene ndakhala ndikupempha kuyambira dzinja latha, amuna anga achikhoma lero. Ndi misomali yanga. "Si mumati ndine waulesi?" Akudikira kuti ndithokoze!
Sikelo yapita osayeza kanthu.

Loweruka
Ndayesa kuzula umodzi, mutu waduka. Ndawaimbira alekichala. "Mayi, ife timafuna magalamu, osati nkhani za m'banja." Ndalira, koma chamumtima, mayi angaitanenso anzawo aja kuti adzandipempherere, amwenso tiyi.

Lamulungu
Ndikusamba m'mawa, chitseko chagwa. Hinjesi yam'mwamba, ya misomali yowonda ija, yazuka yonse. Yam'munsi, ya misomali ya tiyi, yagwira nganganga. Tiyi amatetezadi chitsulo. Umboni ndauona ndili ndi sopo kumaso, akwaya akudutsa pamsewu ulendo wa kutchalitchi. Mboni zilipo zambiri, magalamu palibe.
Ndibwereza. Chaka chamawa misomali ndizidzagona nayo, bambo azidzagona pazenera.