Malo a pamsewu wa Namadzi, mapazi 40 kwa 30

Lolemba, 3 Julayi 1911

Analipo: ine, a Jailosi ogulitsa malo, Che Saidi a sitolo ngati mboni, ndi mbuzi ya munthu wina.

Lero ndine mwini malo. Kuyambira pamtengo wa masuku kukafika pachulu, mapazi 40 m'litali, 30 m'lifupi, m'mbali mwa msewu wa ku Zomba. Ndayeza ndi miyendo yanga, chifukwa ya a Jailosi ndi yaifupi ndipo sindikuikhulupirira.

Nzeruyi ndaitenga kuesiteti kumene ndimalemba kulemera kwa fodya. Mzungu ali ndi pepala limodzi, ndipo pepalalo lagwira mapiri awiri. Ine ndikufuna pomanga tinyumba tiwiri togona amtengatenga, kobiri limodzi munthu mmodzi. Anthu 10 pa tsiku, makobiri 10. Miyezi iwiri, zonse zabwerera.

Mtengo: masheleni 24. Anga 14. Ongongola kwa Che Saidi 10, ndidzabweze 11. Ndatsala ndi 3.

Pepala ndalemba ndekha, a Jailosi adinda chala. Chondikayikitsa: sananenerere mtengo. Chinanso: anaumirira kuti tithane lero, akazi awo a Nangondo ali kumaliro ku Likoswe. Ndikuganiza safuna kugawana nawo ndalama. Ndikuwamvetsa. Nanenso kunyumba sindinanene.

Lachiwiri, 4 Julayi

Chiperoni kuyambira m'mawa. Ndakhoma zikhomo 8 m'malire, chilichonse ndi nambala yake ya pensulo.

Pamalo anga pali nandolo. Ndafunsa a Jailosi. Akuti ndi womera yekha. Womera yekha, m'mizere 22 yowongoka? Sindinatsutse. Ndamulemba kumbali ya phindu.

Mitengo yomangira ndi mitolo 6 ya udzu: masheleni 3. Wogulitsa udzu wandifunsa kawiri kuti ndikukamanga pati, kenako watsokomola. Chifuwa chimenechi si cha chiperoni. Ndawerenganso mitolo. Ndi 6 ndithu.

Lachitatu, 5 Julayi

Zikhomo zatsala 3!

Okayikitsa:
1. wogulitsa udzu
2. amtengatenga, kuti azigona mwaulere
3. mbuzi ija, inalipo tsiku loyamba
4. Che Saidi, akumwetulira kwambiri

Masana ndakumana ndi mayi wina atasenza nkhuni. Wagwada, wandilonjera mwaulemu wonse. Pamtolo pake ndaona nkhuni yosongoka yolembedwa 4. Malembedwewo ndi anga. Ndamusiya apite, pakuti sindidziwa kafunsidwe ka nkhuni kwa mkazi wa mwini.

Lachinayi, 6 Julayi

Amayi anayi pamalo anga, madengu anayi, akuthyola phindu langa.

Ndapereka moni, ndatulutsa pepala, ndawerenga lonse pang'onopang'ono, ndi tsiku lomwe. Amvetsera bwino. Wamkulu wao ndi a Nangondo, abwera dzulo kuchokera kumaliro. Afunsa kuti chala chodindacho ndi cha yani. Ndati cha amuna awo.

Mmodzi wakhala pansi chifukwa cha kuseka. Ndi wankhuni uja.

A Nangondo sanaseke. Akuti: “Achimwene, a Jailosi ndi mkamwini. Anafika pamudzi pano ndi mphasa imodzi ndi khasu lopanda mpini. Ngati agulitsa katundu wao, ndi ameneyo. Pano analima amayi anga, mchombo wanga uli pansi pa msukuwo.”

Ndati nanga pepala. Akuti ndilisunge pouma, ndi lolembedwa bwino.

Lachisanu, 7 Julayi

A Jailosi kulibe. Akuti anyamuka mbandakucha ndi amtengatenga a ku Zomba, atavala jekete latsopano ndi chipewa.

Ndadikira Che Saidi mpaka atuluke mumzikiti. Ndayang'ana pamsomali wa m'sitolo pamene pamakhala jekete lakuda lija. Palibe. Jekete masheleni 8, chipewa 2. Pamodzi 10. Ndiye kuti ndalama za Che Saidi zinagona kunja tsiku limodzi lokha, n'kubwerera kwao.

Ndafunsa ngati ankadziwa kuti malowo ndi a akazi. Akuti nawonso ndi mkamwini, angalephere bwanji kudziwa. “Koma ambwana, munandiitana kudzaona ndalama zikuperekedwa. Ndinaona. Za nthaka simunandifunse.”

Ndatsegula pepala. N'zoona, sindinalembe zimenezo.

Mitengo yanga yaima kale kuseri kwa nyumba ya a Nangondo. Ikhala nkhokwe. Udzu watsala mitolo 2.

Loweruka, 8 Julayi

Akazi anga akudziwa. Amva kumtsinje, ndipo akuti nkhaniyi ili kale ndi nyimbo yake yosinjira. Sindinafune kuimva.

Sanakweze mawu. Akusankha nyemba, afunsa kuti nyumba tikugonayi ili panthaka ya yani. Ndati ya apongozi. Afunsa ngati ineyo ndingaigulitse. Ndati ayi, sizingatheke, ine ndi wobwera. Afunsa kuti nanga a Jailosi anamera pamenepo ngati nandolo?

Afunsanso za fodya amene anabala masheleni anga 17 aja, 14 a malo ndi 3 a zomangira, kuti anali m'munda wa yani. Ndapita kukaona mbuzi, ngakhale tilibe.

Nditabwerako andiuza kuti amayi awo ali ndi tsala m'mbali mwa msewu womwewo, lagona zaka zitatu. Ndikadapempha, akadandilozera popanda kobiri. Ndafunsa chifukwa chake sananene. Akuti munthu wobisa ndalama mudenga samufunsa zimene akuganiza.

Ndiye za mudenga ankadziwanso. Kuyambira liti?

Lamulungu, 9 Julayi

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Anthu atatu andipatsa moni wakuti “eni malo”. Mayina ndalemba.

Nditabwera ndapeza katundu pakhonde, wochokera kwa a Nangondo:
mphasa 1, yong'ambika pakona
khasu 1, lopanda mpini
nandolo lichero 1
chikhomo nambala 7

Uthenga wake ngwakuti chuma chonse cha a Jailosi ndi chimenechi, nandoloyo ndi chipepeso.

Nandolo taphika, ndi wabwino. Mphasa Che Saidi aikana. Khasu alandira pa makobiri 4, ndipo nthawi ino ndawalembetsa okha.

Za tsala la apongozi ndikapempha mawa. Akazi anga akuti andiperekeza, pepala ndisiye kunyumba.

Ngongole yotsala kwa Che Saidi: masheleni 10 ndi makobiri 8.