Minga ya Namwino Nanungu

Padangotero, m'masiku amene a Mkango ankalamulira nkhalango ya Mpatsanjoka, kunali ndende ya ana. Pachipata analembapo kuti Sukulu Yowongola Khalidwe, koma mphunzitsi wamkulu anali a Fisi, ndiye maphunziro ake mudziwa nokha.

M'menemo munali mwana wa Gwape, dzina lake Ndaziona, yemwe anagwidwa akudya dowe m'munda wa mfumu. Unyolo unamucheka mwendo, bala n'kutukusira. Mayi ake ankakalira m'mawa uliwonse kwa Nanungu, namwino wa kachipatala ka m'mudzi, amene ankatumbula zithupsa ndi kubaya jakisoni ndi minga yake yomwe.

"Anamwino, mwana wanga aduka mwendo! Pabalapo ndi ntchentche zokhazokha!"

Nanungu zinkamuwawa mumtima, koma akanalowa bwanji?

Mwamwayi a Nyani, nduna ya zaumoyo, analengeza mgwirizano wa chipatalacho ndi ndende. Eee, tsikulo kunali fumbi kobo! Ng'oma, nthungululu, liboni lalitali kuposa nsato.

"Kuyambira lero," anatero a Nyani akupukuta magalasi, "palibe mwana adzatsokomole boma osamva! Mwana wa mnzako ngwako yemwe!"

Kutacha Nanungu anafika pachipata ndi kachikwama ka mankhwala. A Fisi anamulandira mano onse ali pamtunda.

"Takulandirani, mayi. Koma mlendo salowa ndi chinthu chosongoka. Mingayo muisiye pano."

"Bambo, mingayi ndi thupi langa. Jakisoni wake ndi yemweyu."

"Lamulo silinafunse za thupi lanu."

"Ndiye mutulutseni mwanayo ndimuonere panja pano."

"Wandende satuluka, mayi. Koma mgwirizano wokha ukuyenda bwino kwabasi."

Atakadandaula kwa a Nyani, iwo anati akhazikitsa komiti yofufuza ngati munga uli chida kapena chiwalo, ndipo idzakumana mvula ikatha. Nanungu anapsa mtima mpaka minga kuima njoo. Mwendo wa Ndaziona sukanadikira mvula.

Tsono nkhalango imeneyi inali ndi kayezedwe kake ka msinkhu. Popeza palibe ankadziwa chaka chimene anabadwa, wolakwa ankamudutsitsa kunsi kwa mimba ya a Mbidzi, oweruza milandu. Akadutsa osakhudza, ameneyo ndi mwana, basi.

Masana dzuwa lili paliwombo, Nanungu, gogo wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri, analowa m'munda wa mfumu, n'kuthyola dowe, n'kukhala pamzere kumadya mochita kutafuna mokweza kuti alonda asavutike kumufuna. Kubwalo anadutsa kunsi kwa a Mbidzi minga ataigoneka bwinobwino.

"Kamwana kopanda mwambo!" anagamula a Mbidzi. "Miyezi isanu ndi umodzi."

Pachipata a Fisi anakanda mutu. "Nanga mingayo?"

"Lamulo lanu likunena mlendo, aphunzitsi. Ine ndine wandende."

Tsiku lomwelo anatsuka bala la Ndaziona, kufinya mafinya, kumubaya jakisoni. Patatha masabata atatu mwanayo anadumpha ndi miyendo yonse inayi, mayi ake akusuzumira pampanda, misozi ya chimwemwe ili mbwee. A Nyani ananena pamsonkhano kuti boma latumiza namwino wokhalira konko, ndipo a Mkango anawaveka mendulo.

Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. A Nyani anatuluka chithupsa pamalo okhalira, mpando wa unduna osaukhalanso. Kuchipatala anapeza chitseko chili chitsekere, ndiye anatsimphina mpaka kundende.

"Fisi, nditulutsire namwino uja msanga!"

"Wandende satuluka, bwana."

"Ndiye ndilowe andibaye momwemo!"

"Wandende kulasa mlendo ndi chosongoka? Umenewo ndi mlandu waukulu, bwana. Mwina tifunse komiti ija."

A Nyani anabuula atagwira kumbuyo. Nanungu anawamvera chisoni ndithu, pakuti namwino sasankha wodwala. Anasendera pampanda n'kuwalangiza mwaulemu:

"Musadandaule, bwana, njira ilipo. Munda wa mfumu ndi uwo, dowe wakhwima. Koma podutsa kunsi kwa a Mbidzi mukakumbukire kutsitsa mchira."