A Cuthbert ndi Dona Woopa Mdima

Kuno ku Wrenlow aliyense ankadziwa kuti malemu a Cuthbert Pargeter anali ndi akazi awiri: Mai Winifred, amene anamanga nawo ukwati kutchalitchi, ndi Dona Philippa, amene anamwalira zaka mazana atatu zapitazo n'kutsala chithunzi pakhoma m'nyumba yaikulu ya pachitunda. Pa awiriwa, womva nkhani zambiri anali wapakhomayo.

A Cuthbert ndiwo ankayang'anira chipinda cha chithunzicho. M'mawa uliwonse ankavula chipewa n'kuyamba kupereka lipoti.

"Mwadzuka bwanji, Dona? Nkhosa za a Nuttall zalowanso kumanda. Dzulo abusa analalikira ola lathunthu, ife tulo tokhatokha."

Alendo odzaona nyumbayo ankawafotokozera mbiri ya Donayo ngati iwo analipo. Akuti anakana kusainira mwamuna wake minda ya bambo ake, mwamunayo n'kumutsekera m'chipinda chopanda zenera nyengo yonse yozizira. Kungoti m'kamwa mwa a Cuthbert nyengoyo inkatalika chaka ndi chaka.

Tsiku lina mlendo wina anaseka. "Koma nkhopeyi ndiye ngati ya hatchi!"

"Pepesani, bambo. Akumva."

"Ndani?"

"Ndati pepesani!"

Mkulu uja anayang'ana maso otuwa a Donayo, amene ankatsatira munthu kulikonse kumene waima. Anapepesa ndithu, mpaka kuwerama.

"Ine nsanje ndinasiya kalekale," ankatero Mai Winifred. "Mkazi mnzangayo amandilandirako phokoso."

Mkangano unkabuka mu Novembala, kuno kukamayamba kuzizira, potseka nyumbayo, pamene mipando ndi zithunzi zonse zimafunditsidwa nsalu zoyera mpaka nyengo yozizira itatha. Woyang'anira nyumbayo watsopano, Mai Fenella Ashdown, anali munthu wa sukulu zake, wosamva za nthano.

"A Cuthbert, kuwala kumawononga utoto. Chifunditseni."

"Mayi, munthu anakhala mumdima zaka zisanu."

"Sabata yatha munati zitatu."

"Ndiye inu mukufuna muwonjezerepo?"

Mai Fenella anafunditsa okha, n'kukhoma chitseko, kiyi m'thumba. Kutacha anapeza nsalu ili pansi, yopindidwa bwinobwino. Anabwereza katatu, katatu konse chimodzimodzi. A Cuthbert analumbira kuti si iwo, koma mayiwo anangoti nkhalambayi ili ndi kiyi wina.

Chaka chatha, mu Okutobala, a Cuthbert anatisiya. Mai Winifred anatsata mwambo: anagogoda pa ming'oma yawo ya njuchi n'kuziuza kuti mwini wake wapita, kuopa kuti zingathawe. Koma Dona palibe anamuuza.

Pamaliropo Mai Fenella ananong'oneza wamasiyeyo. "Kiyi wawo wina uja mukandipezere."

"Kiyi wanji? Bambo aja ngakhale wa kunyumba sindinkawapatsa, ankataya."

Osesa anayamba kukana kulowa m'chipinda muja. Ankati maso aja asiya kutsatira anthu, angoti dwii kuchitseko. Tsiku lotseka, masanasana, Mai Fenella analowa okha, nsalu ili m'manja. Anaima kumanja, anaima kumanzere. Dona sanawayang'ane. Chimene chinawagwira kwambiri chinali chisoni.

"Mwadzuka bwanji, Dona?" anatero. "A Cuthbert sabweranso. Tinawaika milungu itatu yapitayo. Pepani, tinaiwala kukuuzani."

Anapinda nsalu ija ndi manja awo, n'kuiika pansi pomwe ankaipeza, kenako anatsegulako katani pang'ono.

Masiku ano m'chipindamo muli zii. Alendo amangowerenga kapepala kapakhoma, kamene kamati nyengo imodzi yokha, n'kudutsa osaseka. Timawasowa a Cuthbert, ndi mabodza awo omwe. Mai Fenella amalowamo m'mawa uliwonse, koma miseche si luso lawo. Amangoti, "Kukugwa mvula, Dona," nkhani n'kuthera pomwepo.

Dona amamva ndithu. Koma maso akadali kuchitseko.